Mwana akadwala banja litatha: udindo wa makolo ndi ndalama za kuchipatala m'boma la Mzimba

Banja likatha m'boma la Mzimba, nkhani zimene zimatenga nthawi yaitali pamaso pa ankhoswe, pabwalo la amfumu ngakhalenso kukhoti la majisitileti ndi za kumene ana azikhala, za ng'ombe za lobola ndi za katundu wa m'nyumba, pamene funso la amene adzalipire mwana akadzadwala limasiyidwa kuti lidzayankhidwe tsiku la matendalo. Tsikulo likafika, makolo aja amakhala atatalikirana, wina ali kwawo kumene anabadwira ndipo wina mwina ali ku Johannesburg, kotero kuti mwana wodwala malungo kapena chibayo amayamba wadikira kuti akuluakulu amvane pa foni asanamunyamule kupita naye kuchipatala. Malamulo a dziko la Malawi sasiya mpata wokayikira pa nkhaniyi, chifukwa amaika chithandizo cha kuchipatala m'gulu la zinthu zimene kholo lililonse liyenera kupereka kwa mwana wake, koma pakati pa zolembedwa m'malamulo ndi zochitika m'midzi ya kwa Mabulabo, kwa Khosolo kapena kwa Mzikubola pali mtunda wautali umene uyenera kufotokozedwa bwino.

Owerenga a m'chigawo chapakati ndi chakumwera, kumene mabanja ambiri amatsata chikamwini ndipo ana amawerengedwa kuchikazi moyang'aniridwa ndi atsibweni awo, ayenera kudziwa kuti ku Mzimba zinthu zimayenda mosiyana. Angoni amene anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba anadzakhazikika m'derali cha m'ma 1850 mu ulamuliro wa mwana wake M'mbelwa, ndipo anabweretsa mwambo wakuti mwamuna apereke ng'ombe kwa makolo a mkazi, mkaziyo asamukire kumudzi kwa mwamuna, ndipo ana obadwa m'banjamo akhale a mtundu wa bambo awo. Atumbuka amene Angoni anawapeza anatengera mwambowu, pamene Angoniwo anatengera chilankhulo cha Chitumbuka, moti lero m'dera lonse la Inkosi ya Makosi M'mbelwa V, amene likulu lawo lili ku Edingeni, lobola ndiye maziko a ukwati wachikhalidwe. Bomali ndi lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 900,000 osawerengera mzinda wa Mzuzu, choncho mwambowu ukukhudza ana ochuluka kwambiri.

Amene amadzudzula lobola kawirikawiri amaiwala kuti mwambowu sunkangopereka umwini wa ana kuchimuna, koma unkasenzetsanso mbali imeneyo katundu wolemera. Mudzi umene unalandira mkazi ndi ana ake unkayenera kuwadyetsa, kuwaveka, kuwafunira mankhwala akadwala ndi kuwaika m'manda akamwalira, ndipo udindowu sunali wa bambo yekha koma wa agogo, abale a bamboyo ndi onse odyera m'khola limodzi. Ng'ombe zinali chuma chosungira tsiku la mavuto, moti matenda aakulu akagwa pakhomo akuluakulu ankakhala pansi ndi kugwirizana zogulitsa imodzi. Pa nthawi imeneyo kunena kuti mwana ndi wa kuchimuna kunali kunenanso kuti matenda ake ndi a kuchimuna, ndipo ziwirizi sizinkalekanitsidwa. Vuto la masiku ano ndi lakuti mbali yoyamba ya mwambowu, ya umwini, ikadali yamphamvu ndipo imatchulidwa mokweza pa milandu, pamene mbali yachiwiri, ya udindo, yafooka chifukwa makola achepa, chuma chasanduka ndalama za m'thumba la munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo nthawi zambiri sakhala pamudzi.

Kuchoka kwa amuna ku Mzimba si nkhani yatsopano. Kuyambira nthawi ya atsamunda, anyamata a m'bomali ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa ndi ku Rhodesia, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela ndipo ena paokha, ulendo umene unkatchedwa wa selufu. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaimitsa ntchito ya Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, kenako bungwe la TEBA linapitiriza kulemba anthu mpaka 1988. Maulendo a Wenela ndi TEBA anali ndi dongosolo lakuti gawo la malipiro a munthu lizisungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo mgwirizano wa ntchito ukatha munthuyo ankabwezedwa kwawo. Maulendo a ku Joni (Johannesburg) a masiku ano, amene anachuluka kuyambira m'ma 1990 ndipo akatswiri monga Jens Andersson ndi Harvey Chidoba Banda anawafufuza m'boma lomweli, alibe dongosolo lotere: munthu amapita yekha, amagwira maganyu m'nyumba za anthu, m'minda kapena m'masitolo, nthawi zambiri alibe zikalata zomuyenereza kugwira ntchito, ndipo kutumiza ndalama kumudzi kumadalira mtima wake basi.

Zotsatira zake ndi zakuti mabanja ambiri amatha popanda wina kulengeza kuti atha. Mwamuna amayamba watumiza ndalama mwezi ndi mwezi kudzera pa Mukuru kapena kwa madalaivala onyamula katundu, kenako amatumiza mwa apo ndi apo, pamapeto pake amasiyiratu atapeza mkazi wina komweko, ndipo kumudzi amayamba kumuwerengera m'gulu la matchona, ndiye kuti anthu amene anapita kunja n'kuiwala kwawo. Mkazi wotsala pamudzi wa apongozi ake amakhala ndi njira ziwiri, ndipo zonse n'zowawa. Akabwerera kwawo yekha, ana amatsala ndi agogo okalamba amene alibe mphamvu yoyenda nawo mtunda wautali kupita kusikelo. Akabwerera ndi ana aang'ono, akuchimuna amanena kuti adzawasamala akadzabwerera pamudzi pawo, ngati kuti mwana amasiya kudya ndi kudwala pa zaka zimene ali kwa amayi ake. Palinso mabanja amene lobola sanathe kuperekedwa, moti akuchikazi amakaniza ana mpaka ng'ombe zitakwana, pamene akuchimuna amakana kupereka thandizo mpaka ana ataperekedwa. M'mikangano yotereyi mbali iliyonse imakhala ndi mfundo yomveka pa chikhalidwe, koma wodwala popanda womulipirira amakhala mwana.

Malamulo aakulu a dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amathetsa mkangano umenewu m'ndime 23, imene imanena kuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro chokwanira kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena anasudzulana, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Ndime 24 imawonjezera kuti ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anapeza limodzi ndi mwamuna wake, komanso thandizo loganizira kapezedwe ka mwamunayo ndi zosowa za ana. M'ndime zimenezi mulibe mawu onena za ng'ombe, za mudzi kumene mwana akugona kapena za amene analakwa kuti banja lithe, ndipo makhoti posankha kholo loti likhale ndi mwana amatsogoza ubwino wa mwanayo, osati mwambo wa makolo ake, ngakhale kuti mwambowo amaumvetsera. N'chifukwa chake majisitileti akhoza kulamula kuti mwana woyamwa apite ndi amayi ake ngakhale lobola anaperekedwa yense, ndi kulamulanso bambo kuti azipereka ndalama zomusamalira kumeneko.

Lamulo limene limafotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010, limene limatchula chakudya chokwanira, zovala, pogona ndi chithandizo cha kuchipatala monga zinthu zimene kholo liyenera kupereka. Lamuloli linakhazikitsa makhoti oweruza nkhani za ana, ndipo limalola kuti kholo likanyalanyaza udindo wake dandaulo likaperekedwe ndi mwana mwiniwake, kholo linalo, womulera, wachibale, mkulu woona za chisamaliro cha anthu, wapolisi, mphunzitsi kapena wogwira ntchito zachipatala. Poika kuchuluka kwa ndalama, khoti limayang'ana chuma ndi kapezedwe ka makolo onse awiri, ana ena amene kholo likusamala, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Mfundo yakuti makolo onse awiri ali ndi udindo ndi yofunika kwambiri ku Mzimba, kumene ana ambiri amatsaladi kuchimuna, chifukwa mayi amene anabwerera kwawo kapena anakwatiwa kwina sanamasulidwe ndi lamulo, ndipo ngati ali pantchito kapena akuchita bizinesi ayenera kuthandiza mwana wake monga momwe bambo akanachitira. Lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi, wachikhalidwe ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali popanda mwambo uliwonse, ndipo limapatsa mwamuna wopereka mimba udindo wosamala mayi woyembekezera ndi kulipira zofunika pa uchembere ngakhale awiriwo sanakwatirane.

Bambo akakana kuti mwana si wake, khoti limalandira umboni wosiyanasiyana, monga dzina lolembedwa m'kaundula wa ana obadwa, mwambo uliwonse umene bamboyo anachita povomereza mwanayo, kapena kukana kwake kukayezedwa magazi. Kulembetsa mwana akangobadwa, kumene kwakhala kokakamiza kuyambira 2015 ndipo kumayendetsedwa ndi nthambi ya National Registration Bureau, kumathandiza pa chifukwa chimenechi.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chimene ndalama za matenda zingakhalire nkhani m'dziko limene zipatala za boma sizilipiritsa. N'zoona kuti pachipatala chachikulu cha pa boma ku Mzimba ndi m'zipatala zing'onozing'ono za boma mwana amaonedwa ndi kupatsidwa mankhwala kwaulere, ndipo m'midzi yakutali alangizi a zaumoyo amapereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu. Koma ulere umenewu umayambira pakhomo la chipatala, pamene ndalama zambiri zimathera panjira yokafika pakhomopo. Mwana akatentha thupi usiku m'mudzi wa kumapiri a kwa Khosolo nyengo ya dzinja, pamafunika njinga yamoto ya kabaza imene mwini wake amakweza mtengo chifukwa cha mdima ndi matope. Akagonekedwa, womudikirira amafunika ufa, ndiwo, nkhuni ndi sopo kwa masiku onsewo. Mankhwala akasowa m'chipatala, zimene zimachitika kawirikawiri, dokotala amalemba dzina lake m'kabuku ka kuchipatala kuti kholo likagule kufamase. Pamwamba pa zonsezi pali ntchito ya kumunda imene imaima, ndipo malungo amachuluka m'miyezi yomweyo ya kupalira ndi kuthira feteleza, imenenso ndi miyezi ya njala pamene nkhokwe zili mbee.

Kumwera kwa Mzimba kulinso mfundo ina yakuti chipatala chapafupi kwa anthu ambiri ndi cha mishoni. Chipatala cha Embangweni, cha Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, chili pamalo amene mmishonale Donald Fraser anatsegula mu 1902 ndi dzina lakuti Loudon, ndipo cha Katete ku Champhira ndi cha mpingo wa Katolika. Zipatalazi zili pansi pa bungwe la CHAM, limene limagwirizanitsa zipatala za mipingo yachikhristu, ndipo ngakhale boma limalipira ogwira ntchito ake ambiri, odwala amapereka ndalama kuti zipatalazo zigulire mankhwala ndi zipangizo. Kuyambira 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma akhala akusainirana mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo m'malo ena ana osakwana zaka zisanu, azithandizidwa kwaulere boma n'kulipira pambuyo pake. Mapanganowa apulumutsa miyoyo yambiri, koma sakhudza matenda onse kapena misinkhu yonse, moti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu wothyoka mkono amafunika ndalama, ndipo boma likachedwa kubweza ngongole zake zipatala zimavutika kupitiriza ulerewo. Matenda akakula wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera pa boma, ndipo mwana wa khunyu, mphumu, shuga kapena womwa ma ARV amayenda ulendo wa kuchipatala mobwerezabwereza kwa zaka zambiri.

Inshuwalansi ya zaumoyo inapangidwa kuti ithane ndi vuto la mtundu umenewu. Anthu ambiri amasonkha ndalama yodziwika mwezi uliwonse m'thumba limodzi, odwala ndi osadwala omwe, ndipo amene wadwala amalipiriridwa kuchokera m'thumbamo, kotero kuti mtolo umene ukanagwetsa banja limodzi umagawidwa pakati pa anthu ambiri. M'Malawi mulibe inshuwalansi ya boma yokhudza nzika zonse, ndipo imene ilipo ndi ya mabungwe oima paokha, lodziwika kwambiri mwa iwo kukhala Medical Aid Society of Malawi, kapena kuti MASM, limene lili ndi magawo a mitengo yosiyana monga Econoplan, Executive ndi VIP. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse mmodzi yekha ndiye anali ndi inshuwalansi yotere, ndipo mwa abambo 100 anali awiri. Ambiri mwa ochepawa ndi ogwira ntchito m'mabanki, m'makampani akuluakulu ndi m'mabungwe omwe si aboma, amene owalemba ntchito amawalipirira gawo la ndalamayo, ndipo m'boma la alimi a fodya, chimanga, soya ndi nyemba ngati Mzimba anthu otere amapezeka makamaka pa boma ndi m'malo ochitira malonda monga Jenda. Kunena zoona, kwa mwana wa m'mudzi inshuwalansi yake ikadali mbuzi ya pakhomo, thumba la chimanga ndi m'bale amene ali kunja.

Komabe kwa ana ochepa amene kholo lawo lili pa inshuwalansi, kutha kwa banja kumabweretsa mavuto ake amene sakambidwa mokwanira. Mwini inshuwalansi ndiye amalemba ndi kuchotsa maina a anthu odalira iye, ndipo dzina lililonse limawonjezera ndalama yodulidwa pamwezi, choncho bambo akakwatiranso akhoza kuchotsa ana a mkazi woyamba n'kulembetsa a mkazi watsopano popanda mayi wawo kudziwa, mpaka tsiku limene khadi lidzakanidwe pachipatala. Nthawi zina dzina la mwana limakhalapo ndithu, koma khadi lili m'chikwama cha bambo ku Lilongwe pamene mwanayo akukhala ku Embangweni. Ntchito ikatha kapena ndalama ikapanda kulipidwa inshuwalansi imaima, ndipo polembetsanso pamakhala nyengo yodikira imene matenda ena salipiriridwa. Ngakhale zonse zili bwino, bungwe sililipira zonse: pamakhala malire a ndalama pa chaka, pamakhala kagawo kamene wodwala amaonjezera yekha, thiransipoti siwerengedwa, ndipo zipatala zambiri zolandira makhadiwa zili m'mizinda. Bambo amene amanena kuti wamaliza udindo wake chifukwa mwana ali pa MASM amakhala wanena mbali chabe ya choonadi.

Maiko ena anaona vutoli kale ndipo analilemba m'malamulo. Ku South Africa, lamulo la 1998 lotchedwa Maintenance Act limapatsa khoti mphamvu yolamula kholo kuti lilipire ndalama za kuchipatala za mwana, ngakhalenso kulamula kuti mwanayo alembedwe pa inshuwalansi ya khololo, ndipo ku America chigamulo cha thandizo la mwana chimayenera kunenapo za chithandizo cha kuchipatala, moti wolemba kholo ntchito amatumiziridwa chikalata chomuuza kuti aike mwanayo pa inshuwalansi ya kuntchitoko. Malamulo a kuno satchula inshuwalansi mwachindunji chotero, koma popeza chithandizo cha kuchipatala chili kale m'gulu la zimene kholo liyenera kupereka, palibe choletsa kholo lodandaula kupempha khoti kuti chigamulo chinene poyera kuti dzina la mwana lisachotsedwe, kuti khadi likhale m'manja mwa amene akumusunga, ndi kuti ntchito ikatha kholo linalo lidziwitsidwe msanga.

Kwa mabanja ambiri amene alibe inshuwalansi, pofunika kukonza ndi kalembedwe ka mgwirizano kapena chigamulo. Zokambirana za thandizo la ana zimakonda kuthera pa ndalama imodzi ya pamwezi, mwina kuonjezerapo fizi ndi yunifolomu, chifukwa zimenezi n'zosavuta kuwerengera. Matenda sabwera pa tsiku la malipiro ndipo sakhala ndi mtengo wofanana: miyezi isanu ikhoza kudutsa mwana ali bwinobwino, wachisanu ndi chimodzi n'kufuna ndalama zoposa za chaka chonse. Ndalama ya pamwezi imathanso mphamvu msanga, monga zinaonekera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chigamulo choperekedwa zimenezi zisanachitike lero sichingagule theka la zimene chinkagula. Lamulo limalola kubwerera kukhoti kukapempha kuti ndalama ikwezedwe, koma kwa mayi wa ku Luwerezi kapena ku Emfeni ulendo wa kukhoti ukhoza kudya ndalama yofanana ndi imene akukapempha. N'chifukwa chake mgwirizano wabwino ndi umene umasiyanitsa ndalama ya chakudya ndi ya matenda, n'kunena kuti mwana akagonekedwa bilu ya chipatala, thiransipoti ndi mankhwala ogula zidzagawidwa motani, kuti kholo lakutali lidzadziwitsidwa kudzera mwa yani, ndi kuti wosunga mwana ali ndi chilolezo chopita naye kuchipatala chilichonse chapafupi osadikira yankho la wina aliyense. Mfundo yomalizayi imaoneka yaing'ono, koma m'midzi imene mkazi wokwatiwa amaphunzitsidwa kuti nkhani zazikulu za ana amagamula ndi akuchimuna, kudikira chilolezo kumachedwetsa ana kufika kuchipatala, ndipo malungo a mwana wamng'ono akhoza kufika poopsa m'tsiku limodzi.

Kupeza chigamulo n'kosavuta poyerekeza ndi kuchitsatitsa. Kholo likakhala pantchito yolembedwa, monga mphunzitsi, namwino kapena wapolisi, khoti likhoza kulamula kuti ndalama izidulidwa kumalipiro ake, ndipo kunyozera dala udindo wosamala mwana ndi mlandu. Mlimi amapeza ndalama kamodzi pa chaka akagulitsa mbewu, choncho kwa iye n'kwanzeru kuti thandizo liwerengedwe m'matumba a chimanga pa nthawi yokolola ndi ndalama yapadera yoikidwa padera pa nthawi ya msika wa fodya, m'malo momulamula ndalama ya pamwezi imene aliyense akudziwa kuti mu January sadzakhala nayo. Wovuta koposa ndi bambo amene ali ku Joni. Malawi ali m'gulu la maiko amene South Africa inavomereza, pansi pa lamulo lake la 1963, kuti zigamulo zawo za thandizo la ana zikhoza kutumizidwa ndi kutsatitsidwa kumeneko, koma njirayi imadutsa m'maofesi a boma a maiko awiri, imatenga nthawi yaitali, ndipo imafuna adiresi yeniyeni ya munthuyo ndi ya kumene amagwira ntchito, zinthu zimene munthu wopanda zikalata amazibisa mwadala. Chimene chimagwirika ndi chuma chimene amatumiza kumudzi, chifukwa ambiri mwa amene amanena kuti alibe ndalama ya mwana amakhala akumanga nyumba ya malata, kugula ng'ombe, ngolo kapena chigayo kudzera mwa abale awo, ndipo khoti poyeza kapezedwe ka kholo limayang'ananso chuma choterechi. Mauthenga a pa foni a Mukuru, Airtel Money ndi TNM Mpamba, malisiti a kuchipatala ndi kabuku ka mwana ka kusikelo ndi umboni wofunika kuusunga kumbali zonse ziwiri, popeza umateteza mayi amene sanalandire kanthu komanso bambo amene anatumizadi.

Njira ya dandaulo imayambira kwa ankhoswe ndi amfumu, ndipo ikalephera pamenepo munthu akhoza kupita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo ya M'mbelwa, kapena ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kumene mbali ziwirizo zimaitanidwa kuti zimvane, ndipo pomaliza kukhoti la majisitileti. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera kumana munthu chuma chimene akuyenera kulandira m'gulu la nkhanza, ndipo osauka amene akufuna loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene lili ndi ofesi ku Mzuzu. Amayi ambiri safika kumeneku, ndipo si umbuli wokha umene umawaletsa. Ena amaopa kuti akasumira bambo wa ana, akuchimuna adzabwezera polanda anawo. Ena amaopa kuti makolo awo adzauzidwa kuti abweze ng'ombe zimene zinadyedwa kale kapena zinakalowolera mchimwene wawo. Enanso amangoona kuti n'zochititsa manyazi kutengera apongozi kubwalo. Mantha amenewa ali ndi maziko m'moyo wa m'mudzi, ngakhale kuti pa lamulo kupempha thandizo la mwana si chifukwa cholandira mwanayo, ndipo nkhani ya kubweza lobola ndi ya akuluakulu imene siyenera kulumikizidwa ndi mankhwala a mwana.

Thandizo la boma la Mtukula Pakhomo, limene linayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo kenako linafika m'maboma onse, limapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ena mwa iwo ndi agogo olera zidzukulu zosiyidwa. Magulu a banki m'khonde nawonso amakhala ndi kathumba kapadera kothandizira membala pa matenda ndi maliro. Zonsezi zimapepuza mavuto, koma ndalama zake n'zochepa ndipo sizinakhazikitsidwe kuti zilowe m'malo mwa kholo lamoyo limene lili ndi kopezera.

Mphamvu yaikulu yosintha zinthu m'boma la Mzimba ili m'manja mwa mafumu, chifukwa nkhani zambiri za mabanja zimathera pabwalo lawo osafika kwa majisitileti, ndipo mawu a inkosi amamveka ngakhale kwa mwana wa mudzi amene ali ku Cape Town koma akuyembekeza kudzaikidwa m'manda a makolo ake. Mafumuwa safunika kusiya mwambo wa Chingoni kuti ateteze ana. Chofunika n'kuugamula wonse, kuti mudzi umene ukunena kuti mwana ndi wake ulipirenso bilu yake ya ku Embangweni, kaya mwanayo akugona kuchimuna kapena kwa amayi ake, ndiponso kuti mgwirizano uliwonse wothetsa banja ulembedwe papepala, mbali iliyonse ikhale ndi lake, ndipo mfundo ya matenda ikhalemo. Oweruza m'makhoti nawonso akhoza kufunsa funso la kuchipatala pa mlandu uliwonse wa thandizo la ana ngakhale odandaula ataiwala kulitchula. Ndipo anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo, amene ndiwo amayamba kuona mwana wonyentchera kapena wofika mochedwa chifukwa panalibe womulipirira njinga, ayenera kudziwa kuti lamulo la 2010 limawalola iwo eni kukapereka dandaulo kukhoti m'malo mwa mwanayo, ngakhale amayi ake ataopa kutero.